Mwana wanga wandandalika zigubu pabwalo, akuti akutsata Samson Kambalu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni, ndipo ndaidula pang'ono:

"Aphunzitsi, mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 19 ndipo wakhoza bwino MSCE. Kuyambira ali ku pulayimale amajambula nkhope za anthu mpaka kumangotsala kulankhula. Koma chaka chino wasiya pensulo. Mwezi watha anabwereka zigubu 14 zopanda kanthu, n'kuzindandalika pabwalo kuyambira pakhomo mpaka kumpanda, ndipo kutsogolo kwa chigubu chilichonse anaikako nsapato zakutha. Akuti chimenecho ndiye chithunzi, dzina lake 'Abwera Mawa'. Akuti akutsata munthu wina dzina lake Samson Kambalu. Nditafunsa mchimwene wanga anandiuza kuti ameneyo ndi uja anamata masamba a Baibulo pa mpira, komanso amachita za Nyau. Ine ndine wa Mvano, mtima wanga suli m'malo. Bambo ake akuti mwanayu wayamba chamba. Kodi Kambaluyo ndi ndani? Kodi imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kudyerapo? Ndimuletse?"

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinaima nthawi yaitali pa nsapato zija. Ndaphunzitsa zojambula kwa zaka zoposa 20, ndiye ndikuuzeni mosapita m'mbali: mnyamata amene waona mzere wa zigubu n'kuganiza zoikapo nsapato zopanda eni ake, mutu wake ukuyenda bwino. Tonsefe tinasiyapo ndowa pampopi kuti itigwirire malo. Tonsefe tinauzidwapo kuti mafuta abwera mawa, madzi atuluka mawa. Mwana wanu watenga chinthu chimene tinachizolowera mpaka kusiya kuchiona, n'kuchiika poti tichionenso. Chamba sichiphunzitsa zimenezo. Komabe mawu a bambo akewo sindiwataya kunja, ndiwabwerera kumapeto, chifukwa pali zizindikiro zina zimene kholo liyenera kuzidziwa.

Luso la mtundu umenewu kunjaku amalitcha conceptual art. M'Chichewa ine ndimangoti luso la ganizo, popeza chimene waluso amagwirirapo ntchito kwenikweni ndi ganizo, pomwe penti, mtengo, chitsulo kapena chigubu zimangolinyamula. Ambiri amaloza chaka cha 1917 ngati poyambira, pamene Mfalansa wina, Marcel Duchamp, anagula mbiya ya m'chimbudzi cha amuna, ija amatayiramo madzi ataimirira, n'kulembapo dzina lopeka loti R. Mutt, n'kuitumiza ku chionetsero ku New York. Okonza chionetserocho sanaionetse. Koma funso limene anaponya silinachoke: chinthu chimasanduka luso chifukwa cha manja amene achipanga, kapena chifukwa cha malo amene chaikidwa ndi zimene chikutiganizitsa? Mu 1965 Joseph Kosuth wa ku America anaika pamodzi mpando weniweni, chithunzi cha mpando womwewo, ndi tanthauzo la mawu oti mpando lokopera mu dikishonale, n'kusiyira woona kuti asankhe yekha mpando weniweni pa itatuyo.

Mwina mukuti za azungu zimenezo. Koma taganizirani masamba a pamsewu. Pakagwa zovuta pamudzi, anyamata amathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala pamsewu uku ndi uko. Ndi masamba wamba, omwewo mbuzi imadya. Koma wagalimoto akawaona amachepetsa liwiro n'kutsitsa wailesi, wanjinga amatsika n'kuyamba kukankha, bambo wovala chipewa amavula. Palibe amene wasema kanthu, palibe wapenta. Wina wangosuntha chinthu n'kuchiika pamalo oyenera, ndipo msewu wonse wasintha khalidwe. Ana anga a sukulu ndikawauza zimenezi, nkhani ya Duchamp imalowa mosavuta.

Tsono za Kambalu. Ndi Mmalawi mnzathu, anabadwa mu 1975. Bambo ake ankagwira ntchito yachipatala, ndipo banjalo linkasamukasamuka, boma ili chaka chino, boma lina chaka chinacho, monga zimakhalira ndi ana a anthu a m'boma. Bambowo anali munthu wokonda mabuku, ndipo za ubwana umenewu Kambalu anazilemba yekha m'buku la moyo wake, The Jive Talker, limene linatuluka ku Britain mu 2008. Anaphunzira ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, kuja ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki pakati pa minda ya fodya ya ku Kasungu. Kuchoka kumeneko anapita ku Chancellor College ku Zomba, kumene anachita zojambula pamodzi ndi maphunziro a nyimbo za makolo. Kenako anawoloka nyanja, nakachita digiri yachiwiri ku Nottingham Trent University, ndipo pambuyo pake PhD ku Chelsea College of Arts ku London. Anadzakhala mphunzitsi pa Ruskin School of Art, sukulu ya zaluso ya yunivesite ya Oxford, komanso mmodzi wa akuluakulu a Magdalen College komweko.

Ndandanda wa sukuluwu ndautchula dala. Anyamata ambiri amene amabwera kwa ine atatengeka ndi Kambalu amaona kusewera kwake kokha, munthu wachipewa akudumphadumpha m'mafilimu, n'kumati ndiye kuti sukulu ilibe ntchito, pensulo ilibe ntchito. Saona madigiri atatu ndi mulu wa mabuku umene uli pansi pa kusewerako. Mwana wanu akamati akutsata Kambalu, mufunseni ngati akutsatanso kuwerenga kwake.

Mpira uja mchimwene wanu sananame. Dzina lake ndi Holy Ball, ndipo unayamba kuoneka m'chaka cha 2000 Kambalu akadali ku Zomba. Ndi mpira wamiyendo umene anaumata masamba a Baibulo thupi lonse, ndipo pa zionetsero anthu ankaloledwa kuumenya. Sindikuuzani kuti musakhumudwe nazo. Inenso ndinakulira m'nyumba imene Baibulo silinkaikidwa pansi, ndipo tsiku loyamba kuona chithunzi cha mpirawo m'mimba munandizizira. Koma nditaukhalira pansi ndinaona kuti munthuyu wagwirizanitsa zinthu ziwiri zimene zinabwera kuno ndi amishoni, ndipo zonse ziwiri tinazilandira ndi manja awiri: buku ndi mpira. Lamulungu m'mawa tili kutchalitchi, masana tili kubwalo la zamasewero, ndipo konseko timaimba, timakuwa, timapemphera. Mwana aliyense wa kuno anakulungapo mpira wachikulunga ndi mapepala alionse amene wawapeza. Ndiye mpirawo umakufunsa: uutola n'kuwerenga, kapena uumenya? Ukaumenya, walakwira pepala kapena Mawu? Ena amaimitsa phazi m'malere, n'kubwerera. Kuima kumeneko ndiko waluso ankakufuna.

Mukhoza kumva zonsezi n'kukanabe, ndipo ndi ufulu wanu. Ine maganizo anga ndi akuti mpirawo ndi ntchito yoganiziridwa bwino, koma si chitsanzo choti mnyamata wa zaka 19 akopere. Ntchito yodzidzimutsa anthu imagwira kamodzi, ndipo amene angaibwereze amangotola mkwiyo wa anthu popanda nzeru yake. Ngati m'nyumba mwanu muli malire pa zinthu zopatulika, muuzeni momveka, adziwe. Waluso amene sangathe kukambirana ndi mayi ake omubereka za ntchito yake adzavutika kuikambirana ndi dziko.

Za Nyau nazo zili ndi mutu wake. Kambalu amapanga timafilimu tatifupi kwambiri timene amatitcha Nyau Cinema. Anadziikira malamulo akeake, ndipo limodzi mwa iwo ndi lakuti kafilimu kasapitirire mphindi imodzi. Tambiri tilibe mawu, mtundu wake ndi wotuwira ngati zithunzi za agogo athu, ndipo muli iye mwini akuchita zinthu zosayembekezeka m'misewu ya mizinda ya kunja, kafilimuko n'kumangobwerezabwereza. Mulibe zilombo za kudambwe m'menemo. Chimene anatenga ku Gule Wamkulu ndi kachitidwe: kutulukira mwadzidzidzi pakati pa moyo wa tsiku ndi tsiku, kusokoneza nthawi pang'ono, kuseketsa anthu uku ukuwauza zoona, kenako n'kuzimiririka. Anatengakonso momwe ankaonera kanema ali mwana, pamene woonetsa filimu ankadula ndi kulumikiza zidutswa mmene wafunira, anthu n'kumakuwa. Amene tinaonerapo kanema wa pansalu m'holo ya sukulu tikukumbukira filimu ikuduka pakati pa ndewu, nyali n'kuyaka, tonse n'kuyamba kuimba mluzu.

Mu PhD yake anafufuza nkhani ya mphatso, kupereka kosayembekezera kubwezeredwa, poiyang'ana kudzera mu nzeru za Nyau. Zimenezi anaziphatikiza ndi maganizo a gulu lina la ku Ulaya lotchedwa Situationist International, limene linayamba mu 1957 ndipo linkatsutsa zoti chilichonse, luso lomwe, chizisanduka katundu wa pamsika. Apa mpamene panabukira mlandu umene ndimakonda kuwafotokozera ana anga a sukulu. Mmodzi wa akuluakulu a gululo, Mtaliyana Gianfranco Sanguinetti, anagulitsa makalata ndi zolemba zake ku laibulale ya Beinecke ya yunivesite ya Yale ku America. Kambalu anapita kumeneko, najambula zolembazo zambirimbiri, zala zake zikuonekera m'mphepete mwa zithunzi, n'kukazimata pakhoma ku Venice Biennale ya 2015 kuti aliyense aziwerenge ulere. Chionetsero chimenechi chimachitika zaka ziwiri zilizonse ku Italy ndipo ndi chimodzi mwa zikuluzikulu padziko lonse. Chaka chimenecho anachikonza ndi Okwui Enwezor wa ku Nigeria, munthu woyamba wobadwira mu Africa kupatsidwa udindowo. Sanguinetti anakamang'ala kukhoti kuti amubera ntchito yake. Khoti la ku Venice linakana dandaulo lakelo. Munthu amene anatha unyamata wake akulalikira kuti zolemba ndi za aliyense anapezeka akuteteza zake ndi maloya, ndipo Kambalu anangomutchera msampha ndi mawu ake omwe. Koma onani, Mayi: anapambana chifukwa ankadziwa bwino zimene munthuyo analemba kale, komanso kumbuyo kwake kunali bungwe lalikulu ndi maloya. Mnyamata wa ku Chilomoni akatenga ntchito ya mwini wake mosapempha, adzaima yekha pamaso pa woweruza.

Ntchito imene inamutchukitsa kwa anthu wamba ndi Antelope. Pakati pa London pali bwalo lotchedwa Trafalgar Square, ndipo pangodya zake zinayi pali nsanamira zoikapo ziboliboli. Yachinayi inamangidwa mu 1841 kuti padzakhale chiboliboli cha mfumu William IV itakwera hatchi, koma ndalama zinatha, nsanamirayo n'kukhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Kuyambira mu 1999 anayamba kuikapo ntchito za aluso amakono mosinthanasinthana. Mu Seputembala 2022 panakwera ntchito ya Kambalu, ndipo inakhalapo mpaka 2024.

Anaitenga pa chithunzi cha mu 1914, pamene M'busa John Chilembwe anaima ndi mzungu mnzake wa mishoni, John Chorley, kutsogolo kwa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pachithunzicho Chilembwe wavala chipewa. Kwa ife lero ndi nkhani yaing'ono, koma nthawi ya atsamunda munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Patangopita miyezi yowerengeka, mu Januwale 1915, Chilembwe anaukira boma la atsamunda, anaphedwa kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo tchalitchi chija anachigwetsa. Kambalu sanasinthe zambiri pa chithunzicho. Anangokuza Chilembwe kukhala chimunthu chachitali kwambiri, n'kusiya Chorley pa msinkhu wa munthu wamba, onse awiri zipewa zili kumutu. Basi. Ndiye taganizani malowo: bwalo lodzaza ndi ziboliboli za akazembe ankhondo a ufumu wa Britain, ndipo pamwamba pa nsanamira paima m'busa wa ku Chiradzulu, yemwe uja timamuona pa K2,000 ndi kumukumbukira pa 15 Januwale, chipewa osavula. Dzina loti Antelope likuloza kwa Kasiyamaliro, chilombo chachikulu cha Gule Wamkulu chooneka ngati nyama ya m'tchire ya nyanga. Mzungu wodutsa ankangowerenga dzina la nyama. Mchewa amamva zina.

Muone kuti nzeru yonse ya chiboliboli chimenechi yagona pa zinthu ziwiri, chipewa ndi msinkhu. Ntchito yaikulu chotero siumbidwa ndi munthu mmodzi, pamakhala gulu la amisiri. Chimene Kambalu anabweretsa ndi diso lodziwa chithunzi choyenera pakati pa zithunzi zakale zambirimbiri, ndi mutu wodziwa chimene chithunzicho chinganene chikaima pa bwalo limenelo. Ndipo zonse zimene wakhala akudya nazo kunjako, mpira wachikulunga, Gule, kanema wa m'holo, Chilembwe, anachoka nazo kuno. N'chifukwa chake zigubu za mwana wanu zandisangalatsa. Sanakopere za pa intaneti, watola za pakhomo.

Tsopano funso lanu lenileni, la nsima. Werengani zaka. Mpira uja unatuluka Kambalu ali ndi zaka 25. Ku Venice anafika ali ndi zaka 40. Pa nsanamira ya ku London anakwera ali ndi zaka 47. Pakati ponsepo panali kuphunzira, kulemba, kuphunzitsa, kupempha thandizo la ndalama n'kukanidwa, monga zimakhalira ndi waluso aliyense. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo ngakhale atatchuka chotero, ntchito ya uphunzitsi sanaitaye. Aluso ambiri a mtundu umenewu padziko lonse amakhalira zomwezo: malipiro a kusukulu, ntchito zimene mabungwe ndi mizinda yawatuma, ndalama za mipikisano, ndi kuitanidwa kukakhala miyezi ingapo kwinakwake akugwira ntchito atalipiriridwa malo ogona. Ogulitsa kudzera m'nyumba zoonetsera zaluso amagawana ndi eni nyumbazo, kawirikawiri pakati ndi pakati.

Mwana wanu mwina akuuzani za nthochi. Mu 2019 Mtaliyana Maurizio Cattelan anamata nthochi pakhoma ndi tepi ku chionetsero cha ku Miami, n'kuigulitsa madola 120,000, ndipo mu Novembala 2024 ntchito yomweyo inagulidwa pa okushoni ku New York pa madola 6.2 miliyoni. Nkhaniyo ndi yoona. Koma wogulayo sanagule nthochi, imeneyo imaola n'kusinthidwa. Anagula chikalata chotsimikizira kuti ganizolo ndi la Cattelan, munthu amene anali atamanga dzina kwa zaka pafupifupi 30. Nthochi ya mwana wanu ikamatidwa pakhoma ku Chilomoni idyedwa ndi nyerere. Kuno kwathu ogula zaluso ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo, alendo odzaona dziko, mahotela ndi maofesi, amafuna chithunzi cha nyanja, cha phiri la Mulanje kapena cha amayi asenza mitsuko. Wogula zigubu 14 ndi nsapato zakutha sindinamuonepo.

Ndiye musamuletse, koma musamusiyenso kuti aziyenda m'malere. Chimene ndingakonde n'chakuti apitirize sukulu. University of Malawi ku Zomba, komwe Kambalu anadutsa, imaphunzitsabe zaluso, ndipo ngati mapointi ake ali bwino alembere pamene a NCHE atsegula zofunsira malo m'mayunivesite a boma. Kumeneko akapeza laibulale, anzake omutsutsa, ndi pepala limene lingamulowetse m'kalasi ngati mphunzitsi kapena kumutsegulira maphunziro a kunja. Malo akapanda kupezeka, aphunzire ntchito yamanja kusukulu za TEVETA, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kapena kukonza zithunzi ndi zolemba pa kompyuta. Musaone ngati kumeneko n'kutaya luso. Waluso wa ganizo amene amadziwa kuwotcherera yekha amapanga zinthu zimene anzake amangozilota, ndipo masana amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo n'kugula ufa. Pensulonso aibwerere. Nkhope zija amajambula mpaka kutsala kulankhula zikhoza kumulipirira thiransipoti ndi mabandulo, komanso dzanja likasiya kujambula diso nalo limayamba ulesi.

Pali mayeso ena amene mungamuyese nokha pakhomo, osafuna digiri. Mukatha kudya madzulo mufunseni kuti akufotokozereni ntchito yakeyo m'Chichewa, m'mawu ochepa oti agogo ake amve. Chifukwa chiyani zigubu 14, osati zitatu? Chifukwa chiyani nsapato zakutha, osati zatsopano? Bwanji mzerewo ukulowera kumpanda, osati pakhomo? Akayankha mwina mwachibwibwi koma zomveka, ndiye kuti waganiza. Akayamba kukuponyerani Chingerezi chachitalitali n'kumati simungamvetse, muuzeni kuti aphunzitsi ena akuti abwererenso akaganize. Vuto lalikulu la luso limeneli ndi lakuti waulesi amabisalamo mosavuta. Wosema akalephera, aliyense amaona kuti mphuno yapotoka. Wa ganizo akalephera amatha kunamizira anthu kuti ndi osaphunzira.

Aphunzirenso kusunga umboni wa ntchito zake. Ndinaphunzira zimenezi mowawa. Chaka china mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anayala pansi makopi akale 40 otsegula, lililonse atalipsinja ndi mwala wa kumtsinje, kukumbukira anzake amene anasiyira sukulu panjira. Tinatha tsiku lonse tikuyala m'holo ina imene tinabwereka. M'mawa mwake tinapeza pansi pali mbee, pokolopedwa bwino, makopi ali m'katoni pakhomo, miyala ataitaya kuseri. Bambo wosesa anagwira ntchito yake mokhulupirika, ndipo wolakwa ndinali ine amene sindinamuuze. Chopweteka n'chakuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anajambula chithunzi. Ntchito za mtundu umenewu zimakhala masiku ochepa, chimene chimatsala ndi zithunzi, ndipo zithunzizo ndi zimene amapempha akamasankha anthu a maphunziro ndi zionetsero. Foni yabwinoko, kope lolembamo tsiku, dzina la ntchito, kukula kwake ndi zipangizo, zimenezi n'zofunika kwa iye kuposa penti wodula.

Asadzitsekere m'nyumba. Mumzinda mwanu momwemo akhoza kukaona zimene ena akupanga ku La Caverna, nyumba yoonetsera zaluso ya ku Mandala House. Ndipo ngati nkhani ya Gule yamukoka, ulendo woyenera ndi wa ku Mua m'boma la Dedza, ku Kungoni, malo amene anayambitsa wansembe wa Katolika, Bambo Claude Boucher, mu 1976. Kumeneko kuli nyumba yosungiramo za chikhalidwe imene ili ndi nkhope za Gule zambirimbiri pamodzi ndi matanthauzo ake. Mwina zikukhazikani mtima pansi kudziwa kuti anazisonkhanitsa ndi munthu wa tchalitchi. Koma chenjezo langa ndi ili: Gule Wamkulu, ngakhale a UNESCO anauzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse, uli ndi eni ake ndi malamulo ake. Mnyamata wosameta asapite ndi kamera kukasuzumira kudambwe, asasoke chovala cha chilombo n'kumayenda nacho m'tauni ati ndi luso. Zimenezo zimathera kubwalo la mfumu, mwinanso poipa kuposa apo. Akafuna kugwira ntchito yokhudza Gule, ayambire kwa mfumu ndi akuluakulu a mwambowo, apemphe, ndipo akakanizidwa amve.

Akayamba kuika ntchito zake pa Facebook ndi Instagram, akubwera akamberembere. Adzalandira uthenga wokoma woti wasankhidwa kukaonetsa ku Ulaya, angotumiza madola akutiakuti a kalembera. Ena adzati akufuna kugula zithunzi zake pa mtengo wodabwitsa, koma ayambe walipira kuti atsegule akaunti. Mwana wina amene ndinamuphunzitsa anagulitsa njinga ya bambo ake chifukwa cha uthenga wotere, ndipo nambala ija inazima tsiku lomwe ndalama inalowa. Malo enieni, monga Bag Factory, malo ogwiriramo ntchito aluso ku Johannesburg, kapena chionetsero cha Dak'Art ku Senegal, amalengeza poyera, ali ndi mbiri yoti munthu n'kuifufuza, ndipo sakakamiza munthu kutumiza ndalama usiku womwewo. Tsiku limene adzapatsidwe pepala loti asaine, kaya ndi la nyumba yoonetsera zaluso kaya la bungwe, asasaine asanalionetse kwa loya kapena kukafunsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso. Aonetsetse kuti pepalalo likunena mwini ntchito ndi ndani, agawana bwanji ndalama, ndi amene alipire katundu akaonongeka panjira.

Ndibwerere kwa bambo ake. Zigubu pazokha si chizindikiro cha chamba kapena matenda. Zimene muyenera kuyang'ana ndi zina: ngati akutha masiku angapo osagona koma osatopa, ngati wasiya kusamba ndi kudya, ngati wataya anzake onse, ngati akulankhula zosalumikizana moti ngakhale nkhani wamba ya pakhomo simukumvana, ngati akuti akumva mawu amene ena sakuwamva kapena kuti anthu akumulondalonda, ngati ndalama ndi katundu zayamba kusowa m'nyumba. Zaka zimene ali nazozi ndi zomwe matenda ena a maganizo amakonda kuyamba, ndipo akagwidwa msanga amathandizika. Mukaona zotere musadikire, pitani naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi kapena ku Queen Elizabeth, mukafotokoze zonse, iwo adziwa kokutumizani. Akatchula zodzipha, ngakhale moseka, tsiku lomwelo musamusiye yekha ndipo mupite naye. Koma ngati akudya, akugona, akuseka ndi abale ake, ndipo anagogoda makomo 14 n'kubwereka zigubu mwaulemu mpaka eni ake kumupatsa, ameneyo ndi mnyamata amene ali ndi ntchito m'mutu.

Bambo akewo musalimbane nawo ndi mawu. Apezereni chithunzi cha chiboliboli chija pafoni, aone Chilembwe ataima pakati pa London chipewa chili kumutu, kenako mwana wawo awafotokozere yekha za nsapato zija. Ndipo zigubuzo zisanabwerere kwa eni ake, mnyamatayo azijambule m'mawa dzuwa lisanakwere, pamene zithunzithunzi zake zili zazitali pansi: kamodzi ataima pakhomo, kamodzi atagwada kumapeto kwa mzere, kamodzi pafupi ndi nsapato imodzi. Zithunzizo munditumizire, ndikufuna ndione ngati pamzerepo pali nsapato za mwana.